Dizaini ili bho pa sikirini koma yatuluka ina kosindikiza: fufuzani apa musanayambe kukangana

Anzanga amene tikudyera dizaini, kaya mumapanga makadi a ukwati, mapositala a makwaya, mapulogalamu a maliro, ma logo a timabizinesi kapena mumajambula zithunzi za m'mabuku a ana, vuto ili tonse limatipeza ndipo silikutha ayi. Ntchito pa laputopu ikuwala bwinobwino, kasitomala wavomera pa WhatsApp, mwapita nayo kosindikiza, chimene chatuluka mukuchita kufunsa kuti kodi fayilo ndi yomwe ija? Apo ndiye mkangano umayamba, opulinta akuti vuto ndi fayilo yanu, kasitomala akuti ndibwezereni ndalama zanga, inu muli pakati ndipo mapepala 500 aikidwa kale m'katoni.

Mmene ndikuonera ine, nthawi zambiri vuto limakhala mu fayilo osati makina, ndipo limaoneka lisanafike pa pepala bola mudziwe poyang'ana. Ndayala potsata zimene mukuona ndi maso, ndipo paliponse ndayamba ndi chimene chimachitika kwambiri.

## Mitundu yazilala kapena yasinthiratu

1. Fayilo ili mu RGB, mitundu ya pa sikirini. Ili ndiye vuto lalikulu. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, pomwe makina amasakaniza inki zinayi za CMYK (C ndi cyan wobiriwira ngati thambo, M ndi magenta wa pinki, Y ndi yelo, K ndi wakuda) pa pepala, ndiye pali mitundu ina yowala kwambiri, girini uja wothwanima, pinki, olenji, imene inki singaifikire olo mutachita chotani.
- Kuona: mu Photoshop pitani pa Image > Mode, mu Illustrator File > Document Color Mode, mu CorelDRAW Tools > Color Management > Document Settings.
- Mu Photoshop dinani Ctrl+Y muone mmene izitulukira, Shift+Ctrl+Y ikuphimbirani malo onse amene inki siingawafike.
- Kukonza: ntchito yosindikiza muziyiyamba mu CMYK kuchokera pachiyambi. Mukasintha kumapeto mitundu imagwa, ndiye muikonzenso ndi manja musanatumize.
- A Canva: sankhani PDF Print, koma dziwani kuti CMYK ili pa Canva yolipira yokha, monga Pro.

Chinthu chimodzi, malo ena osindikiza ma banner amakonda kulandira RGB chifukwa pulogalamu ya makina awo imasintha yokha ndipo imatulutsa bwino. Afunseni kaye, funso limeneli silidya ndalama.

2. Buluu watuluka pepo. Magenta wachuluka. Buluu wa pa sikirini ukamusintha kupita ku CMYK, cyan ndi magenta amayandikana kwambiri, makina akangowonjezera magenta pang'ono basi wasanduka pepo. Siyani mpata wa 30 pakati pawo, monga C100 M70 Y0 K0. Ngati mukupanga za mpingo kapena timu ya mpira imene buluu wake ndi wodziwika, apa musamasewerepo.

3. Wofiira watuluka olenji kapena ngati njerwa. Onani manambala ake. Wofiira weniweni amakhala M100 Y100 popanda cyan. Cyan akalowamo olo pang'ono amaudetsa.

4. Pepala lasintha. Dizaini yomweyo pa pepala lonyezimira la gloss ndi pa bond wamba imatuluka mosiyana, bond amamwa inki ndiye mitundu imagona. Ngati kasitomala wasintha pepala kuti atchipitse, muuzeni zimenezi asanalipire.

## Nkhope za anthu zada, maso sakuoneka

Ili limandiwawa kwambiri chifukwa limachitika pa ntchito zimene anthu amazisunga zaka, chithunzi cha malemu pa pulogalamu ya maliro, akwati pa kadi, abusa pa positala ya msonkhano. Pa sikirini munthu akuoneka bwinobwino, pa pepala mwangotsala mano ndi kolala ya malaya. Achibale akaona zimenezi sakhululuka msanga ndipo sindingawadzudzule.

1. Sikirini yanu ndi yowala mopitirira. Ambirife timasiya kuwala pa 100 chifukwa timagwirira ntchito pakhonde kapena pafupi ndi windo. Sikirini yowala imakunamizani kuti mithunzi ya pa nkhope ili ndi tsatanetsatane pomwe mu fayilo muli mdima. Tengani pepala loyera muliyike pambali pa sikirini, tsegulani tsamba loyera, tsitsani kuwala mpaka ziwirizi zifanane. Poyamba muona ngati mwada, koma pamenepo ndi pamene mukuona pafupi ndi zoona.

2. Inki imafalikira ikagwera pa pepala. Timadontho timakula, makamaka pa bond ndi pa pepala la nyuzipepala, ndiye zonse zapakatikati zimada kuposa mmene munaziikira. Khungu lathu lili m'chigawo chomwecho.
- Mu Photoshop tsegulani Curves, kwezani pakati pa mzere pang'ono, mbali ya mithunzi muitsegulenso.
- Gwiritsani Info panel ndi eyedropper pa tsaya ndi pamphumi. Ngati K wakwera kwambiri pamalo amene kuwala kukugunda, nkhope imeneyo ituluka yakuda.
- Musayeretse munthu mpaka asadziwike. Cholinga ndi choti maso, mphuno ndi milomo zioneke, khungu likhale lake lomwe.

3. Chithunzi chenichenicho n'chakuda. Chinajambulidwa usiku ndi foni, kapena ndi chithunzi chakale cha pa khadi chimene achijambulanso ndi foni chili mu pulasitiki. Pemphani china. Ngati palibe, monga zimakhalira pa maliro, pemphani chithunzi chenichenicho mukachisikane pa 600 dpi (dpi ndi kuchuluka kwa timadontho pa inchi imodzi), zimathandiza kwambiri kusiyana ndi kulimbana ndi cha pa foni.

4. Mwaika nkhope pa bakigiraundi yakuda. Munthu ndi kumbuyo zimaphatikana. Ikani mtundu wowalirako kuseri kwa mutu.

## Zithunzi zosaoneka bwino, zili timabokosi

1. Zadutsa pa WhatsApp. Chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse WhatsApp imachifinya, mbali yaitali imatsala mapikiselo pafupifupi 1600. Masamu ake ndi osavuta, pa 300 dpi sentimita imodzi imadya mapikiselo 118, ndiye 1600 kugawa ndi 118 mupeza masentimita 13 ndi theka basi. Pa kadi chikwana, pa positala ya A3 ayi. Muuzeni kasitomala atumize ngati Document, olo adandaule za bandulo. Inunso potumiza kosindikiza chitani chimodzimodzi, kapena Google Drive, kapena yendani ndi fulashi.

Sayizi zofunika pa 300 dpi, m'mapikiselo:
- A5: 1748 x 2480
- A4: 2480 x 3508
- A3: 3508 x 4961

Banner yoimika ya 85 x 200 cm sifunika 300, pakati pa 100 ndi 150 dpi pa sayizi yake yeniyeni ndi zokwanira chifukwa anthu amaionera patali. Kuika 300 pamenepo mungolemetsa laputopu.

2. Logo yatengedwa pa Facebook kapena ndi screenshot. Pemphani ya vekita, imene siisweka olo muikulitse, monga fayilo ya AI, EPS, SVG, CDR kapena PDF. Ambiri alibe, amene anawapangira anasowa kalekale. Ijambuleninso ndi Pen tool ndipo ntchito imeneyi muilipiritse payokha. Image Trace ndi PowerTRACE zimathandiza pa logo yosavuta, koma zilembo zimatuluka zokhotakhota, muzilembenso ndi fonti.

3. Mwangosintha nambala ya dpi kuchoka pa 72 kupita pa 300. Izi sizionjezera kalikonse, kompyuta imangopeka mapikiselo. Mu Image Size ya Photoshop chotsani chizindikiro pa Resample, lembani 300, muone masentimita amene atsala. Imeneyo ndiye sayizi yoona ya chithunzi chanu.

4. Potulutsa PDF munasankha Smallest File Size. Tulutsaninso pa Press Quality kapena PDF/X.

5. Linki yaduka. Mu Illustrator ndi InDesign chithunzi chimangolumikizidwa, mukachisuntha foda kapena kutumiza fayilo yokha chimasowa kapena chimatuluka chosaoneka bwino. Onani Links panel, chitani Embed kapena Package.

Mapulogalamu okulitsa zithunzi ndi AI alipo ndipo pa maluwa kapena nyumba amagwira ntchito, koma pa nkhope samalani, amatha kusintha maso ndi mano mpaka mwini wake osadzizindikira. Muonetseni kasitomala kaye.

## Zilembo zasintha, mawu adumpha, ŵ wasowa

1. Fonti yanu kulibe pa kompyuta yawo. Pulogalamu imangoikapo ina, mizere imasuntha, dzina la mkwati limagwera pa mzere wachiwiri. Sandutsani zilembo zikhale zojambula musanatumize:
- Illustrator: Ctrl+Shift+O
- CorelDRAW: Ctrl+Q
- Inkscape: Shift+Ctrl+C

Koma sungani fayilo ina imene zilembo zake zikadali zolembeka, chifukwa kasitomala abweranso mawa kuti tsiku lasintha.

2. Fonti ilibe chilembo chimene mukufuna. Mafonti ambiri aulere, makamaka opotanapotana a makadi a ukwati, alibe ŵ. Mukalemba Malaŵi kapena maŵa pamatuluka kabokosi, kapena chilembo chimodzicho chimabwera cha fonti ina n'kumaoneka chachilendo. Nthawi zina ndi ka apositirofi ka mu ng'ombe ndi m'mudzi kamene kamasowa kapena kutembenuka. Yesani mawu amenewa mu fonti musanaikonde. Noto Sans, Noto Serif, Montserrat ndi Gentium zili ndi ŵ ndipo ndi zaulere.

3. Atsegula PDF yanu mu Corel kapena Illustrator. Opulinta ambiri amachita import kuti ayale makadi ambiri pa pepala limodzi, ndiye fonti imafunsidwanso olo inali mkati mwa PDF. Njira yake ndi yomwe ija, sandutsani zilembo.

## Mawu adulidwa, kapena m'mphepete muli kamzere koyera

Mpeni wodulira mapepala sugunda pamalo amodzimodzi nthawi zonse, umasuntha milimita imodzi kapena iwiri, ndipo si kulakwa kwa wodulayo.

1. Palibe bleed. Bakigiraundi iyenera kupitirira mamilimita 3 mbali zonse kunja kwa podula. A5 ya 148 x 210 mm ikhale 154 x 216 mm. Potulutsa PDF onetsetsani kuti bleed yalowa, ambiri amaiika mu dizaini koma kuiwala potulutsa.
2. Mawu ali pafupi ndi mphepete. Alowetseni mkati mamilimita 5, nambala ya foni makamaka. Pa banner funsani kuti apinda masentimita angati ndipo timabowo ta zingwe tikhala pati.
3. Mwaika fulemu yopyapyala kuzungulira kadi. Mpeni ukasuntha pang'ono mbali ina imanenepa ina kuonda ndipo aliyense amaona. Ichotseni kapena ilowetseni mkati ndithu.
4. Opulinta anadina Fit to page. Zonse zachepa ndipo kwatsala zoyera kuzungulira. Auzeni Actual size, ndipo onani ngati simunapange pa Letter ya ku America m'malo mwa A4, ma template ambiri a pa intaneti amabwera choncho.
5. Kabuku kasokonekera masamba. Pulogalamu yopinda pakati n'kumenya sitepula imafuna masamba 4, 8, 12, 16, kumangowonjezera anayi. Mukapereka 10 awiri atsala oyera. Tengani mapepala wamba mupinde, mulembe manambala, muone chimene chikugwera pati.

## Zakuda sizili bwino

Apa pali mbali ziwiri ndipo anthu amazisokoneza.

- Malo aakulu akuda atuluka otuwa. Mwagwiritsa K100 yekha. Pa bakigiraundi yaikulu ikani C60 M40 Y40 K100.
- Timawu ting'onoting'ono tili ndi mthunzi wofiira kapena wabuluu m'mbali. Mwatilemba ndi inki zonse zinayi, ndiye zikaphonyana pang'ono zimaoneka. Mawu ang'onoang'ono akhale K100 yekha. Samalani ndi wakuda wa Photoshop, akasinthidwa kuchoka ku RGB amabwera ndi mitundu yonse.
- Inki sikuuma, ikudetsa kuseri kwa pepala lina. Mwaphatikiza yambiri. Manambala anayi a C, M, Y ndi K akaphatikizidwa asapitirire 300 pa pepala lonyezimira, pa bond atsike kufika cha m'ma 260. Mtundu wolembedwa Registration musaugwiritse pa dizaini, ndi 400.
- Mawu oyera pa zakuda atsekeka. Fonti ndi yopyapyala. Musatsike pansi pa sayizi ya 7 pt ndipo sankhani yonenepa.

## Chinthu chasowa, kapena patuluka bokosi lozungulira mthunzi

Ngati mawu oyera kapena logo yoyera yasoweratu, pafupifupi nthawi zonse ndi overprint yoikidwa pa zoyera, imene imauza makina kuti asindikize pamwamba pa mtundu wapansi osauchotsa. Mu Illustrator pitani View > Overprint Preview, chikasowa pamenepo chisowanso pa pepala, chotsani chizindikiro mu Attributes. Ngati shadow kapena glow yatuluka ndi bokosi lake, makina awo akukanika transparency, tulutsani ngati PDF/X-1a imene imaphwatalitsa zonse, kapena funsani ngati amalandira PDF/X-4. Pa ma T-shirt a DTF, osindikiza pa filimu n'kumata pa nsalu, bokosi loyera kuzungulira dizaini ndiye kuti mwapereka JPG, amafuna PNG yopanda bakigiraundi.

QR code ikakana kuwerengeka, mwina yachepa kuposa masentimita 2, kapena mwaipanikiza osaisiyira malo oyera kuzungulira. Iyeseni ndi foni pa pepala lenilenilo, osati pa sikirini.

## Fayilo ikukana kutseguka

1. Pulogalamu yawo ndi yakale kuposa yanu. CorelDRAW yakale sitsegula fayilo ya yatsopano. Pa Save As pali posankha Version, funsani imene ali nayo. Nthawi zonse tengani PDF pambali.

2. Sinamalize kutsika kapena kukopedwa. Netiweki inaduka, kapena munazula fulashi msanga. Yerekezani kukula kwa fayilo kwanu ndi kwawo.

3. Fulashi yadwala vayirasi. Mafoda onse asanduka ma shortcut. Musawadine. Kawirikawiri mafayilo amakhala angobisika, sikanani ndi antivayirasi kenako muonetse zobisika. Fulashi yoyenda nayo kosindikiza ikhale yapadera, isakhale yomwe mumasungira ntchito zanu zonse.

4. Magetsi anathima mukusunga. Amene tili pa desktop popanda UPS, batire yosungira magetsi, timalidziwa bwino ili. Corel imasiya fayilo yoyamba ndi Backup_of mu foda yomweyo, iyang'aneni. Photoshop ili ndi zosunga yokha pa Preferences > File Handling, ikani pa mphindi 5. Ndipo muzisunga ndi mayina osiyana, kadi_v1, kadi_v2, kuti imodzi ikafa musayambirenso pa ziro.

## Apa lekani, itanani odziwa

Pali zina zimene olo mutakonza fayilo usiku wonse sizisintha:

- Mizere yopingasa yobwerezabwereza pa pepala, kapena mtundu umodzi ukusowa pena ndi pena. Ndi makina, mutu wa pulinta watsekeka kapena drum yatha. Uzani oyendetsa makina aimitse ntchito. Ngati ndi pulinta yanu ya kunyumba, chitani nozzle check ndi head cleaning kawiri kapena katatu, zikakanika pitani nayo kwa amisiri, kupitiriza kumangotha inki, ndipo musalowetse singano kapena sipiriti m'mutu mwake.
- Hard drive ikulira kuti tche tche tche, kapena ikuoneka n'kusowa. Zimitsani pompo. Mukamaiyatsayatsa ndi pamene imathera. Musaitsegule, musaichite format olo Windows ikupemphe.
- Mwafufuta foda ya kasitomala mwangozi. Lekani kusunga chilichonse pa disiki imeneyo. Pulogalamu ya Recuva imatha kubweza, koma muiike pa disiki ina. Ikalephera, kwa katswiri.
- Batire ya laputopu yatupa, kapena mukumva fungo lopserera. Zulani ku magetsi, musaigwiritsenso mpaka aione.
- Ntchito yaikulu ya offset (makina osindikiza ndi mapuleti), zopakira katundu, malebulo a mabotolo, nsalu ya chitenje, kapena kampani imene mtundu wake ndi wa Pantone, inki yapadera yokhala ndi nambala yake. Khalani pansi ndi munthu wokonza mafayilo wa kosindikizako musanayambe n'komwe. Mapuleti akawotchedwa kubwerera kumadula kwambiri.
- Kasitomala akukakamiza chithunzi cha munthu wina cha pa intaneti kapena chokhala ndi watermark. Musachifufute chizindikirocho. Ku Malawi lamulo la Copyright la 2016 limateteza ojambula, inu nomwe muli m'gulu limenelo, ndipo ngati nkhani yafika pokokana funsani a COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, kapena loya.

## Zonse zatuluka bwino koma dzina kapena tsiku ndi lolakwika

Ili si la makina ndipo ndi limene limadyetsa anthu ndalama zambiri. Kawirikawiri mawu anabwera pa voice note kapena pa pepala lolemba pamanja, Chisale n'kukhala Chisala, 0999 n'kusinthana manambala awiri kumapeto, Loweruka pa 14 pomwe pa kalendala 14 ndi Lamulungu. Penanso mwatumiza fayilo yakale chifukwa zonse zikutchedwa final.

Mawu onse apempheni olembedwa ndipo muzikopa osati kulembanso. Tsiku muliyang'ane pa kalendala, nambala ya foni muyiyimbe, ya Airtel Money kapena Mpamba yolandirira zopereka muyese kuona dzina limene likutuluka. Kenako tumizani kwa kasitomala ndi mawu omveka, monga akuti bwana kapena mayi, chonde werengani mayina, masiku ndi manambala onse, mukayankha kuti zili bwino ndikusindikiza ndipo cholakwika chikapezeka pambuyo mtengo wobwereza ndi wanu. Yankho lawo likhale lolembedwa, kavomerezedwe ka pa foni kamaiwalika tsiku la mkangano. Pa ukwati pemphani kuti mbali zonse ziwiri zione, chifukwa amene akukulipirani nthawi zambiri sadziwa kalembedwe ka mayina a kuchimuna kapena kuchikazi.

Akavomera, sindikizani imodzi yokha pa makina omwewo ndi pepala lomwelo, pa banner pemphani kachidutswa kokhala ndi nkhope ndi logo pa sayizi yeniyeni, mutuluke nacho panja pa dzuwa muchione chifukwa magetsi a m'shopu amasintha mitundu. Mtengo wa imodzi imeneyi muziuika kale mu kotesheni pamodzi ndi dipoziti ya theka, kuti pasakhale wokana kulipira ikafika nthawi yake.